Nyumba Yoyenda Inaponda Masamba

Mpaka lero ndikaona galimoto zija za azungu oyendayenda, zokhala ndi bedi ndi mbaula m'kati, makatani m'mawindo ndi matayala apadera padenga, mtima umandiwira. Ana anga amaseka, amati amayi ali pachidani ndi galimoto. Alekeni aseke, iwo sanakweremo.

Chinali chaka changa chachinayi ndikuphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale ku Limbe, zaka zija matipate atangobwera kumene. Mwezi unali Januwale. Tsiku lina madzulo ndikuchonga makope a ana, mayi woyandikana naye nyumba analowa osaodira, n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko, manja pamiyendo. Munthu akakhala choncho umadziwiratu kuti sanabwerere mchere. Anati wamva pawailesi, pa mauthenga a maliro, kuti amayi anga atisiya kumudzi kwa Nazombe, mwambo ndi mawa masana, ndipo mwana wawo wa ku Limbe afike msanga.

Ndinali nditatha chaka ndi theka osapita kwathu. Zifukwa ndinali nazo zambiri, ndipo zonse zinali zoona: ntchito, mwana wakhanda, msewu. Koma amayi sankadya zifukwa. Ulendo womaliza umene ndinawaona ndinawachonderera kuti tipite kwa wojambula pa Migowi, chifukwa chibadwire anali asanajambulitseko chithunzi ngakhale chimodzi. Anakana. Anati alibe nsalu yoti n'kuimira nayo pamaso pa kamera, ndikadzawagulira chitenje chabwino ndiye tidzapita. Chitenjecho ndinagula, chobiriwira chokhala ndi maluwa achikasu, ndipo chinakhala m'sutikesi miyezi isanu ndi iwiri kudikira kuti ndipeze mpata. M'mawa wa tsiku la maliro ndinachipinda n'kuchiika pamwamba m'chikwama.

Chimene ndinkafuna chinali chimodzi basi: kuona nkhope ya amayi bokosi lisanakhomedwe, ndi kuwafunditsa nsalu yawo. Kwathu maliro a dzinja sadikira munthu. Kulibe firiji yosungira thupi, ndipo manda akakumbidwa m'mawa, pofika masana madzi amakhala ayamba kale kutumphuka pansi. Ndinkadziwa kuti amalume, amene anali mwini mbumba, ayesetsa kundidikira, koma ndinkadziwanso kuti ngakhale mwini mbumba salamula mitambo.

Ndinanyamuka kusanache. Minibasi inatigwedeza mpaka matumbo kusokonezeka, koma cha m'ma 10 koloko ndinali nditatsika pa Migowi, ndipo ndinathokoza Mulungu. Otsala anali makilomita makumi awiri ndi pang'ono. Tsoka lake, a matola onse anali ataimika mapikapu awo mumthunzi akudya chimanga chootcha. Anati kutsogoloko msewu wafa, dzulo lake lole ya fetereza inagona m'matope, iwo sangaphe galimoto zawo. Msewu umenewo, ndikuuzeni, unali utathiridwa phula kangapo konse, pakamwa. Kampeni iliyonse ankabwera anthu a zipewa ndi nsalu za chipani n'kulumbira kuti akangowina, phula lifika mpaka kumalire. Gireda inkabwera mlungu umodzi chisankho chisanachitike, n'kukanda pang'ono, n'kutisiyira dothi lofewa loti mvula idzalisandutse phala.

Bambo wina wonyamula anthu panjinga anandiyandikira. Anati, "Mayi, kwerani. Ine ndimadziwa modutsa. Maola awiri mukhala mwafika." Ndinayang'ana njinga yake, kampando kakumbuyo komangidwa ndi mphira, ndipo ndinali pafupi kuvomera. Pomwepo ndinamva phokoso kumbali ya sitolo, anthu ataunjikana akuloza uku ndi uku.

Panali pataima galimoto yaikulu yoyera, yaitali ngati basi yaing'ono, matope mpaka m'mawindo. Mzungu wamwamuna wa ndevu zaimvi, atavala kabudula ndi chipewa chachikulu, anali atayala mapu pabonati. Mkazi wake, wamtali wowonda, kamera ili pakhosi, ankajambula mayi wogulitsa kalongonda. Ankafunsa njira yozungulira kuseri kwa phiri mpaka ku Muloza, koma aliyense ankawayankha nthawi imodzi ndipo palibe ankamvana ndi mnzake. Uphunzitsi ndi matenda. Ndinapezeka ndalowererapo, ndikuwafotokozera m'Chingerezi changa cha m'kalasi kuti njira ndi iyi, ndipo imadutsa pakhomo penipeni pa amayi anga. Anasangalala kwambiri, nati ndikwere ndiwalondolere. Ndinamuuza wa njinga uja kuti pepani, ndapeza galimoto. Ndinkaganiza kuti matayala anayi aposa awiri. Iye anangoti, "Chabwino, mayi," n'kubwerera pamthunzi.

Sindinawauze kuti ndikupita kumaliro. Ili ndiye bala langa, ndipo sindilibisa. Ndinangoti ndikupita kwa amayi. Ndinaleredwa kuti sulowa m'nyumba ya mlendo ndi misozi yako, ndipo galimoto ija inalidi nyumba. Komanso ndinkaopa kuti liwulo likangotuluka pakamwa, ndiyamba kulira ndipo sindisiya.

Tisananyamuke, mwamunayo anayamba kaye wandionetsa chuma chake. Apa bedi, apa tebulo lopinda, apa mbaula ya gasi, apa kafiriji, apa thanki ya madzi. Kenako anatsegula kachitseko kena monyadira kwabasi. Chimbudzi! Chimbudzi, abale, mkono umodzi kuchokera pamene amaphikira. Ndinagwedeza mutu kusonyeza kuzizwa, ndipo ndinazizwadi. Anandiuza kuti akhala akuyenda miyezi isanu ndi itatu, mayiko ambirimbiri, ndipo amadana ndi misewu ya phula chifukwa safuna kuona zimene aliyense amaona. Ndiye kuti msewu umene unkatiphera amayi oyembekezera panjira, iwo anachita kuufunafuna pamapu. Anandikhazika kumbuyo pa benchi yofewa, pafupi ndi windo la katani, ndipo tinanyamuka 11 koloko isanakwane.

Sitinayende makilomita awiri, galimoto inaima. Ndinasuzumira ndikuganiza kuti pali vuto. Ayi, panali bambo atamanga mbuzi pakaliyala ya njinga. Mkazi uja anatsika, anajambula mbuzi chakutsogolo, chakumbali, chakumbuyo. Tinapita pang'ono, tinaimanso: chulu. Kenako nkhokwe. Kenako mayi wosenza mtolo wa nkhuni mwana ali kumsana, amene anadabwa kuti walakwa chiyani. Chilichonse chimene ine ndinakula ndikuchiponda chinali chodabwitsa kwa iwo, ndipo chodabwitsa chilichonse chinkadya mphindi khumi za amayi anga.

Pa zithaphwi ndiye panali mwambo wake. Mwamunayo ankazimitsa injini, kuvula nsapato ndi masokosi, kutenga ndodo yolembedwa manambala, n'kulowa m'madzi pang'onopang'ono akuyeza kuya kwake. Azimayi ochokera kuchigayo ankamudutsa mbali zonse, matumba a ufa ali pamutu, osayang'ana n'komwe pansi. Akatuluka ankapukuta mapazi ndi thaulo, chala chimodzichimodzi, n'kuvalanso masokosi. Pena anaima n'kuyamba kuphwetsa matayala onse anayi, ati kuti agwire bwino matope. Ine ndinkangoyang'ana wotchi yanga, kuibisa, kuiyang'ananso.

Dzuwa litapendeka pang'ono kuchoka paliwombo tinafika pamalo poonekera bwino phiri la Michesi, mitambo yakuda itayamba kuunjikana pamwamba pake. Mkaziyo anaomba m'manja, nati apa ndiye pomwera tiyi. Anatulutsa mipando itatu, tebulo, kansalu ka patebulo, makapu, mabisiketi. Ndinalimba mtima n'kunena kuti, "Pepani, kodi sitingafulumireko pang'ono? Kwathu akundidikira." Iye anandigwira paphewa mwachikondi, nati, "Usadandaule. Amayi ako akondwa ukafika. Chimene timakondera kuno kwanu n'chakuti anthu mulibe changu." Tilibe changu! Ine amene ndinadzuka tambala asanalire. Ndinamva mawu akukwera kukhosi, koma ndinawameza pamodzi ndi tiyi. Galimoto ndi yawo, mafuta ndi awo, iwe wangokwezedwa mwaulere, ungamuthamangitse bwanji mwini wake? Ulemu umenewo ndi umene unandipweteka.

Tili pa tiyipo ndinamva belu la njinga. Anali bambo uja wa pa Migowi, atanyamula munthu wina wonenepa ndi thumba la mchere pamiyendo. Anandizindikira, anakweza dzanja, nati, "Mukadali pano, mayi?" n'kupitirira. Ndikanaimirira pomwepo n'kumuthamangira. Sindinatero, kapu inali m'manja.

Mkazi uja anaona nsonga ya chitenje ikusuzumira m'chikwama changa. Anati n'chokongola zedi, ndichifunde andijambule phiri lili kumbuyo. Ndinati si changa, n'cha amayi. Anati ndiye bwino kwambiri, chithunzicho adzanditumizira ndikawapatse. Ndinafunda nsalu ya amayi pamapewa. Anati ndimwetulire. Ndinamwetulira. Anandipatsa kabuku kuti ndilembemo keyala ya kusukulu, ndipo ndinalemba, ndi zilembo zabwino za mphunzitsi.

Tinanyamukanso 2 koloko itadutsa. Tsopano ndinayamba kuzindikira malo: mjigo umene tinkatungapo madzi, katchalitchi ka njerwa zosawotcha, munda wa chinangwa wa azakhali. Ndinaweramira kutsogolo n'kuwauza kuti tatsala pang'ono, tikangokhota apo.

Kwathu, ndi kulikonse m'dziko muno, pakagwa maliro pafupi ndi msewu anthu amathyola nthambi zamasamba aawisi n'kuziyala mopingasa msewu, mzere umodzi uku, wina kutsogolo, nyumba ya maliro ili pakati. Mwana wa zaka zisanu amadziwa tanthauzo lake. Wa njinga amatsika n'kuikankha, wa chipewa amavula, wa wailesi amazimitsa, ndipo wa galimoto amayenda pang'onopang'ono ngati akuponda mazira. Ngakhale madalaivala a minibasi, anthu osaopa Mulungu ndi apolisi omwe, pamasamba amaleza mtima.

Titakhota, masamba aja anali pomwepo, nthambi za mango zitayalidwa bwinobwino. Pambali pa msewu panaima adzukulu, amuna okumba manda, pafupifupi khumi, ali chifuwa pamtunda, matope mpaka m'chiuno, makasu ndi zikwanje zili m'manja. Mmodzi wa iwo, msuweni wanga, anakweza dzanja kuti galimoto ichepetse liwiro, osakumbuka kuti dzanjalo lagwira chikwanje.

Ndinati, "Ndi pano. Imani pano."

Mkazi uja anakuwa liwu limodzi m'chinenero chawo. Ndinamva zitseko zonse zikudzikhoma nthawi imodzi. Mwamunayo, yemwe uja woyeza chithaphwi chilichonse ndi ndodo, anaponda mafuta mpaka pansi. Injini inabangula. Adzukulu analumphira m'chimanga. Tinaponda masamba aja, ndipo ine ndinagwera chagada pa benchi.

Ndinakoka katani. Zimene ndinaona zinali za kamphindi, koma ndazisunga zaka zonsezi. Pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pathu panali bokosi litaikidwa pa mabenchi awiri, chivundikiro chili pambali. Azimayi a kutchalitchi atavala zoyera anali atalizungulira. Amalume anali ataimirira patsogolo, chipewa chili m'manja, khosi atalitalikitsa kuyang'ana kumsewu. Kenako matayala analowa m'chithaphwi cha pakhomo, ndipo madzi amatope anawazira azimayi amene anakhala m'mphepete. Ndinaona anthu akuimirira, ena akudziphimba kumaso. Bokosi linali chapatali, m'kati mwake sindinaonemo.

Ndinamenya mpando wa dalaivala ndi zibakera. Ndinakuwa m'Chichewa, ndinakuwa m'Chilomwe, Chingerezi chonse chinali chitathawa. Chitabwerera ndinangotha kunena kuti, "Imani! Amayi anga! Amayi anga!" Ndinalimbana ndi chitseko, sichinatseguke. Mkazi uja anatembenuka, kamera ndi chikwama atazikumbatira pachifuwa, ndipo anandiyang'ana ndi maso amene sindidzawaiwala. Anati, "Ndiwe watibweretsa kuno. Unkadziwa kuti akutidikira." Munthu amene anandimwetsa tiyi ola limodzi lapitalo tsopano ankandiona ngati nyambo ya achifwamba.

Tinathamanga choncho makilomita anayi kapena asanu, galimoto ikuterereka uku ndi uku, makapu akugwa m'makabati. Chimene chinatiimitsa si kukuwa kwanga. Linali dambo la makande, dothi lakuda lomata lija, pamene ngakhale ngolo ya ng'ombe imalambalala nthawi ya dzinja. Pamenepo sanatsike kuti ayeze. Analowamo ndi liwiro lonse, ndipo nyumba yawo inatitimira mpaka pamimba, matayala akungozungulira pamalo amodzi. Injini inazima.

Pamenepo ndinanena mawu amene ndinayenera kunena pa Migowi. Ndinati, "Aja ndi maliro a amayi anga. Aja ndi okumba manda. Tsegulani chitseko." Mwamunayo anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Mkazi anayamba kunena chinachake, koma ine sindinadikire. Chitseko chitangotseguka ndinalumphira m'matope, nsapato zonse ziwiri zinatsalira momwemo, ndipo ndinathamanga chitenje chili m'manja. Mvula inayamba ndisanathe kilomita imodzi. Ndinagwa kawiri. Ndinkathamanga, kuyenda, kuthamanganso, ndikulankhula ndekha ngati wamisala kuti amalume dikirani, amalume dikirani.

Nditafika pakhomo panali mabenchi awiri aja opanda kanthu, ndi azimayi achikulire ochepa akukokera nkhuni pakhonde. Nyimbo inkamveka chakumanda. Ndinathamangira komweko, ndipo ndisanafike ndinamva makasu. Amene anaikapo maliro amadziwa kuti dothi loyamba likamagwera pabokosi limalira mwa phokoso lake. Limene ndinamva ine silinali limenelo. Linali dothi logwera pa dothi linzake.

Anthu anandipatsa njira. Achemwali anga aakulu anandigwira ndisanadziponye. Ndinalira mpaka mawu anatha, chitenje chija chitanyowa, ndikuchifinya pachifuwa. Palibe amene akanafukula manda chifukwa cha nsalu.

Titabwerera pasiwa, achemwali anandifotokozera. Amalume anali atakaniza kukhoma bokosi kuyambira 12 koloko. Adzukulu anabwera kawiri kudzanena kuti madzi akulowa m'manda, iwo anawabweza. Anapempha abusa kuti atalikitse ulaliki, ndipo abusa analalikira mpaka anayamba kubwereza. Kwaya inaimba nyimbo zonse zimene inkadziwa. Pamene adzukulu anabwera kachitatu ndi pamene kunamveka kulira kwa galimoto, yoyamba tsiku lonselo. Anthu anati, "Wafika, wafika mwana uja." Amalume anaimirira. Galimoto itadutsa momwe inadutsiramo, anayang'ana kumwamba, anayang'ana azimayi amatope aja, nati, "Basi. Khomani."

Ndiye kuti galimoto imene inandinyamula ndi yomweyo imene inakhometsa bokosi. Nditawauza kuti ndinali m'katimo, achemwali anagwira pakamwa. Nkhaniyo inayenda pasiwa ponse, ndipo sinayende yowongoka. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuseri kwa nkhokwe kuti ana a m'tauni ndi choncho, amabwera ndi azungu awo kudzathira anthu matope pamaliro a mayi wawo. Nkhope yake ndikuikumbukira.

M'mawa mwake amalume anaitana adzukulu aja, nati atenge makasu akawafukule alendowo. Ndinaimirira pamaso pawo, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo.

"Amalume, anthu amenewa akhale momwemo mpaka chilimwe. Ali ndi bedi, ali ndi mbaula, ngakhale chimbudzi ali nacho. Asowa chiyani?"

"Khala pansi, mwana wa mlongo wanga," anatero. "Mlendo ndi mame. Akafera m'dambo mwathu, mbiri idzakhala ya mudzi uno. Ndipo iwe upita nawo, palibe wina angawamve."

"Ine?"

"Iweyo. Mayi ako sanabwezepo munthu ndi njala, ngakhale amene anawatukwana."

Ndinapita, mano ndili kukukuta. Tinawapeza atakhala pa mipando yawo yopinda padenga la galimoto, maso ofiira. Ataona amuna omwe aja ndi makasu omwe aja, mwamunayo anatsika pang'onopang'ono n'kuvula chipewa. Chipewa chija anachivula, inde, koma tsiku litapita kale. Anatulutsa buku lonenepa, lothothoka masamba, limene ankayendera, nandionetsa pamene analemba mzere ndi cholembera. Bukulo linkati m'mayiko ena achifwamba amaika nthambi pamsewu kuti galimoto iime, ndipo ukaona zotero usaime. Anati anzawo ena zinawachitikira kwinakwake kumpoto. Mkazi ankangolira, akubwereza kuti sankadziwa, ndikanawauza, ndikanawauza.

Pamenepo ananena zoona, ndikanawauza. Koma iwonso akanafunsa. Anali ndi mphunzitsi wathunthu kumbuyo kwawo, wobadwira pamsewu womwewo, ndipo tsiku lonse anandifunsa dzina la mbalame, dzina la mtengo, chifukwa chake nkhokwe imakhala ndi miyendo. Pa chinthu chimodzi chofunika anakhulupirira buku. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa anali wina, wodya phula ndinali ine.

Amalume anandifunsa kuti akuti chiyani. Alendowo anali atalankhula mphindi zisanu. Ndinati, "Akuti pepani." Amalume anagwedeza mutu, nati, "Auze kuti tamva. Tsopano aphunzira." Sindinawauze zimenezo. Ndine mphunzitsi, ndimadziwa kuti munthu amaphunzira polakwitsa, koma sindinavomere ndipo sindidzavomera kuti maliro a amayi anga akhale bolodi lophunzirirapo anthu odutsa.

Adzukulu anakumba mozungulira matayala kwa maola atatu. Matope atakana, msuweni wanga uja anatuma anzake kumudzi kuti akatenge nthambi zoyala pansi pa matayala. Anabwera ndi zomwe zija za mango, zimene anali atangozichotsa pamsewu m'mawa umenewo. Galimoto inaziponda kachiwiri, inatuluka, anthu anakuwa mokondwa ngati agoletsa chigoli. Alendowo anapempha kuti akaone manda. Amalume anavomera, ine ndinakana kuwaperekeza. Anabweza chikwama changa, ndipo anandipatsa nsapato imodzi imene anaifukula m'matope, ataitsuka bwinobwino. Inayo sinapezeke.

Patapita miyezi inayi, ahedi anandiitana ku ofesi kuti ndili ndi kalata yakunja. Munali kapepala kolembedwa mawu ambiri opepesa, ndi chithunzi chimodzi. Kapepalako ndinayatsira mbaula. Chithunzi ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinali ine, nditakhala pampando wopinda, kapu ya tiyi m'manja, chitenje chobiriwira pamapewa, Michesi ili kumbuyo ndi mitambo yake yakuda. Ndikumwetulira mano onse pamtunda. Pa ola lomwelo, makilomita ochepa kutsogolo, abusa anali kubwereza ulaliki ndipo bokosi linali lotsegula kudikira ine. Ndinafuna kuching'amba, koma ndinachiponya m'sutikesi pamodzi ndi chitenjecho.

Pa tchuthi cha Ogasiti ndinapita kumudzi, panjinga kuchokera pa Migowi, ndipo ndinafika m'maola awiri. Ndinatenga chithunzicho kuti ndiwaonetse achemwali, aone okha uchitsiru wanga, mwina andikalipire mtima ukhale pansi. Tinakhala pakhonde tikusenda chinangwa cha makaka. Anapukuta manja pa nsalu, anachitenga, anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa. Sanandikalipire.

"Iwe," anatero, "taona mpata wa manowu. Taona mmene wapendeketsera mutu. Awa ndi amayi enieni, mmene analili ukubadwa iwe."

Ndinati, "Achemwali, ameneyo ndine."

"Ndikudziwa," anayankha. "Undisiyire."

Chili pakhoma m'nyumba mwawo mpaka pano, m'felemu ya galasi, pamwamba pa kabati. Adzukulu awo amene sanawaone amayi amachiloza n'kumati agogo aakulu, ndipo palibe amene amawakonza. Ine ndikapitako ndimakhala mpando woyang'ana kukhomo.